Cikwama Cacikulu Pansi pa Mtengo

Kuno ku Kopala msana wopanda kanthu ndi wosowa. Mwana wa sukulu wa ku Chimwemwe wabereka mabuku, mnyamata wa ku Chifubu amene akufuna nchito wabereka mapepala ake ndi nsapato zosinthira, mai wopita ku Kasumbalesa wabereka malonda amene akana kulowa m'saka. Zambiri mwa zikwama zimenezi zinabwera m'mabelo a salaula, ndipo zisanakhale zathu zinali ndi eni ake kutsidya kwa nyanja. Mukapisa dzanja m'timatumba ta m'mbali mumapeza zimene eni akewo anaiwala: tikiti ya sitima, kalisiti ka m'sitolo, nthawi zina mcenga wa kugombe limene simudzalionako.

Ine ndimaphunzitsa Geography pa sekondale ina mu Kitwe, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya ana amene timayenda nao m'thengo pa chuthi. Conco cikwama ndimacisankha monga mmene amai anga amasankhira nkhuku pamsika: kucinyamula, kucitembenuza, kuona msoko uliwonse. Pa Chisokone ndinagula cimodzi ca mawanga ngati yunifomu ya asilikali, cacikulu moti mwana wa giredi 1 angabisalemo. Cinali ndi cimango colimba koma copepuka, ndipo pakati pa cimangoco ndi thumba lenileni panali mpata umene umatseguka ukamasula malamba. Wogulitsa anati mwina ndi poika laputopu. Intaneti ndiyo inandiuza zoona: cikwamaco ndi ca alenje a ku America, ndipo mpatawo ndi woikamo nyama.

Kumeneko kuli nyama ya nyanga za nthambi, dzina lake white-tailed deer, imene yamphongo yake imaposako mbawala yathu. Njira imodzi yoisakira amati saddle hunting. Mlenje amavala lamba wa nsalu yolimba amene amagwira m'ciuno ndi m'matako ngati kampando. Amakwera mtengo pa timakwerero timene amamangirira ku thunthu, ndipo akafika mamita 5 kapena 6 amazunguliza cingwe ku thunthulo, n'kukoloweka lamba uja, n'kutsamira kumbuyo, mapazi ali pa kapondero kocepa ngati mbale ya ndiwo. Amalendewera pamenepo maola ambiri, uta kapena mfuti ili m'manja, kudikira kuti nyama ipite pansi pake. Njirayi amaikonda cifukwa zipangizo zake n'zopepuka, munthu angathe kuzungulira mtengo n'kubisala kuseri kwa thunthu, ndiponso sakhoma msomali, pakuti m'nkhalango zambiri za boma kumeneko saloledwa kuboola mitengo. Mmodzi mwa amene anaichukitsa ndi John Eberhart wa ku Michigan, mlenje amene walembanso mabuku a usaki.

Vuto limagwera aja amene amalowa kutali ndi mseu n'kukagona m'thengo masiku angapo. Iwo amafunika cikwama cacikulu ca tenti, cakudya, madzi ndi zovala za mphepo, cimenenso adzabwezeremo nyama. Koma akafika pamtengo, cikwamaco cimasanduka mlendo wosowa pomukhazika. Akakwera naco kumsana, malamba ake amalimbana ndi lamba wa m'ciuno, ndipo kulemera kwake kumamukokera cagada. Akacisiya patsinde, cimakhala cikununkha thukuta la munthu pamalo pomwe nyama iyenera kudutsa. Akacikoka ndi cingwe n'kucipacika ku thunthu, cimatseka mbali imodzi yoponyera muvi, ndipo zipi imodzi ikalira m'thengo muli zii, nyama imadziwa. Ena amacibisa patali, kumene mphepo ikupita, n'kukwera ndi kathumba kang'ono ka madzi, mpeni ndi tochi. Amatsutsana kwambiri za njira yabwino, koma ine funso langa linali lina: n'cifukwa ciani munthu mmodzi ayenera kunyamula zonsezi?

Funsoli linabwera cifukwa kudikira nyama mumtengo sindinayambe kukumva ku America. Agogo anga aamuna, ku Katete njira ya ku Msoro, anali mlenje. Pamene ine ndinkapita kumudzi pa chuthi anali atasiya kale, maso atayamba kucita nkhungu, koma pakamwa panali pakuthwa. Ankati nyengo imene mpundu ndi masuku zikugwa, insa ndi mbawala zimabwera zokha kudzatola zipatso. Mlenje amaona mapazi masana, n'kubwerera madzulo, n'kukwera mtengo umene mphepo sidzamuulula. Kuti asagwe tulo tikamuba, ankafundula luzi la mombo n'kudzimangirira ku nthambi m'ciuno. Lamba wa ku America uja, agogo ankamupeza pomwepo pamtengo, wosagula.

Ndinawafunsa tsiku lina zimene ankanyamula. Anawerenga pa zala: mfuti ya gogodela, nsupa ya onga, kankhwangwa paphewa, mpeni, kansanza ka phulusa koonera kumene mphepo ikupita, ndi kamba wa cimanga cokazinga. Zala za dzanja laciwiri zinatsala zambiri. Madzi ankadziwa pomwe ali. Moto ankadziwa kuupeka. Bulangete linali moto womwewo.

"Nanga nyama, agogo, munkaibweretsa bwanji?"

Amene anayankha ndi agogo aakazi, ali pa mphasa kutongola nshawa. "Ankabweretsa ndani? Awa ankabweretsa mcira cabe, kuti tikhulupirire. Nyama tinkasenza ndife."

Ikakhala insa, mlenje ankaikoleka paphewa yekha. Ikakhala ngoma kapena nyama ina yaikulu, ankaitumbula, n'kuiphimba ndi nthambi za minga kuopa afisi ndi miimba, n'kubwerera kumudzi wopepuka monga anapitira. Kenaka mudzi unkanyamuka: amuna ndi mipeni, akazi ndi madengu ndi nkhata, ana kutsatira kumbuyo. Ina ankaiwamba komweko kuti ipepuke ndi kuti isaole. Mwendo umodzi unkapita kwa a mfumu, apongozi anali ndi gawo lao, ndipo aliyense amene anasenza ankalowa m'nyumba mwake ndi nthuli. Agogo analibe cikwama cacikulu cifukwa cikwama cao cinali mudzi. Mlenje wa ku America ali ndi malamba makumi awiri ndi mpata woikamo nyama cifukwa akaitana palibe amene adzabwera. Ayenera kuisenda, kuidula m'zigawo, ndi kuibereka yekha kufikira pomwe anasiya galimoto, nthawi zina maulendo awiri.

Palinso njira yacitatu yoyendera m'thengo wopepuka, ndipo ife a ku Kopala tikukhala pamwamba pake. Nkhani imati mu 1902 Mzungu wofufuza miyala, William Collier, anaombera mpelembe pafupi ndi mtsinje wa Luanshya, ndipo pomwe nyamayo inagwera anaona mwala wa kopa. Ndiye cifukwa cake mgodi wa ku Luanshya unapatsidwa dzina la Roan Antelope, ndipo timu ya mpira ndi Roan United mpaka lero. Kopa ameneyu anthu a kuno ankamudziwa ndi kumusungunula kalekale Collier asanabadwe. Koma cimene ndimafuna ana anga aone m'nkhaniyi ndi misana imene siichulidwa. Azungu a masiku amenewo ankayenda ndi mfuti cabe, pamene tenti, mabokosi ndi cakudya zinali pamitu ya amtengatenga, munthu mmodzi makilogalamu pafupifupi 25, tsiku ndi tsiku. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amtengatenga a dziko lino anafa ambiri m'njira, ndipo ku Mbala kuli cipilala cowakumbukira. Amene anasenza nyama ya agogo anadyako. Amene anasenzera Collier sanalandire gawo la mgodi.

Musaganize kuti ndikukutumani kukasaka. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 silimalola munthu kupha nyama ya m'thengo popanda laisensi, kuchera mawaya n'kolakwa, ndipo ngakhale kupezeka ndi nyama yoteroyo popanda mapepala ake ndi mlandu. Oyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife, amene analowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Dziko lathu lili ndi mapaki 20, koma palibe ngakhale imodzi m'cigawo ca Copperbelt. Mwana wa ku Kabushi akafuna kuona mbawala yamoyo, pafupi ndi malo osungira nyama monga Nsobe kunja kwa Ndola. Mitengo imene mlenje akanakwera ndi yomwe timakumana nayo m'mawa uliwonse panjinga, ili m'masaka a malasha. Ife a kalabu timalowa m'thengo ndi mapu, kampasi ndi maso. Mfuti tilibe, koma vuto la cikwama tili nalo lonse.

Pa chuthi ca Ogasiti caka catha tinakonza ulendo wa masiku atatu ku Mpongwe, kudzera ku Luanshya, kukathera pa nyanja ya Kashiba. Nyanjayi inapangika pamene madzi a pansi anadya mwala wa laimu mpaka nthaka inatitimira, ndipo ndinkafuna ana aione ndi maso m'malo moiloweza pa bolodi. Anali ana 12 a giredi 11, m'magulu atatu a anai anai, aphunzitsi awiri, ndi mdala wina wa Cilamba amene a mfumu a kumeneko anatipatsa kuti atitsogolere.

Kalongedwe ka cikwama ndimakaphunzitsa ndi citenje, cifukwa aliyense wa iwo anaberekapo mng'ono wake. Mai akabereka mwana amamukweza m'mwamba n'kumumanga kuti agunde kumsana. Mwana akatsetsereka n'kumalendewera, msana umayamba kulira. Cikwama n'cimodzimodzi. Zolemera, monga ufa, madzi ndi poto, zikhale pafupi ndi msana, pakati pa mapewa ndi ciuno. Bulangete lipite pansi, cifukwa ndi lopepuka ndipo silifunika mpaka usiku. Zimene ungafune m'njira, monga botolo, kapu ndi juzi, zikhale pamwamba. Lamba wa m'ciuno ndiye woyamba kumanga, kuti katundu akhale pa mafupa a ciuno, mapewa angothandizira. M'kati muyalidwe pulasitiki yaikulu. Kunja kusalendewere kanthu, cifukwa kapu imodzi yogunda pa poto imamveka dambo lonse. Ndipo cikwama cisapitirire gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwa mwini wake. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo kilogalamu imene m'mawa inali ngati nthabwala, pofika masana imakhala ndi mano.

Lamulo lalikulu ndi la kugawana. Gulu la anthu anai limanyamula tenti imodzi, poto mmodzi, thumba limodzi la ufa, kapenta ndi soya za onse. Wina atenga nsalu ya tenti, wina mitengo yake. Amene ali wamng'ono thupi amapatsidwa zopepuka popanda kumuseka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo tenti nayo ndi denga.

M'mawa wa ulendo ndinapacika sikelo pa nthambi ya mango kuseri kwa kalasi, sikelo yomwe ija ogula cimanga amagwiritsa nchito. Zikwama zinkabwera cimodzicimodzi: 11, 12, 10, 13. Kenaka panabwera ca mnyamata wina wofatsa, wanzeru pa mapu kuposa onse, wolemera makilogalamu 52. Malire ake anali 13. Sikelo inaima pa 21, ndipo anali asanalandire gawo lake la katundu wa gulu. Anzake anaseka, wina anati mwina wabereka citofu. Ndinamuuza kuti atsegule. Anagwira zipi n'kuima.

Ndinamutengera m'kalasi n'kutseka citseko. Ana anga ambiri amalankhula Cibemba, koma uyu kwao ndi ku Petauke, ndipo tikakhala awiri timagwera m'Cinyanja.

"Mwana wanga, muli ciani umu?"

Anatulutsa cimodzicimodzi n'kumaika pa desiki. Makope onse a giredi 10 ndi 11. Mabuku awiri obwereka. Nsapato za sukulu, yunifomu, buluku la ku chalichi. Nsimbi ya malasha. Satifiketi ya giredi 9 ndi kadi ya NRC m'pulasitiki ya buledi. Zitenje ziwiri zopindidwa bwino.

"Nsimbi m'thengo udzasita ciani?"

"Ba Madam, siningasiye. Nikasiya, sinizapeza."

Amai ake anamwalira ali giredi 8, ndipo zitenjezo zinali zao. Amakhala kwa acibale mu komboni ina, nyumba ya zipinda ziwiri, anthu asanu ndi anai. Amagona pabalaza, ndipo alibe bokosi, alibe ngakhale msomali wake pa khoma. Nsapato zikatsala, wina amazivala kupita nazo ku tauni. Kope likatsala, mapepala ake amayatsira mbaula. Nsimbi anagula yekha ndi ndalama za maganyu, ndipo inagulitsidwapo kamodzi iye ali ku sukulu, n'kuiombola. Sanawanene acibalewo kuti ndi oipa. Anati m'nyumba imene zinthu n'zocepa, cinthu cimene cili pansi ndi ca onse. Tsiku lililonse amabwera ku sukulu ndi zonse zimene ali nazo, ndipo masiku atatu anali ambiri kuti azisiye.

M'kalasi mwanga muli kabati yacitsulo yosungiramo mapu. Ndinaikhuthula shelufu imodzi. Tinaikamo makope, mabuku, nsapato, yunifomu ndi nsimbi. Loko anatseka yekha, ndipo kiyi ndinamupatsa kuti amange pa kacingwe m'khosi, cifukwa munthu amene zinthu zake zakhala zikusowa sakhulupirira mau, amakhulupirira kiyi. Mapepala ndi zitenje anakana kusiya, ndipo sindinamukakamize, pakuti sizilemera pa sikelo. Atalandira mitengo ya tenti ndi kapenta, cikwama cake cinaima pa 13.

Tsiku loyamba tinayenda m'miombo imene yatsala, kudutsa minda ya cimanga yokolola kale ndi mauvuni a malasha, ena akufuka. Mdala wathu anali ndi kankhwangwa paphewa ndi botolo limodzi. Ankayang'ana zikwama zathu n'kumafunsa mnzanga ngati tikusamuka. Madzulo tinamanga misasa pafupi ndi dambo, ndipo iye anati mbandakuca angatenge ana anai kukakwera mpundu waukulu umene uli pa culu m'mbali mwa dambolo, mwina angaoneko kanthu. Udzu unali utapsa masabata apitawo, msipu watsopano ukuphuka, ndipo mpundu unali kugwetsa zipatso. Anaika malamulo atatu: osalankhula, osadzola sopo wonunkhira, osatenga cikwama.

Maere anagwera ana anai, mnyamata uja ali pomwepo. Kunja kukali mdima ndinamupeza atabereka kale cikwama cake. Mdala anapukusa mutu. Nthambi sizingalole, ndipo zipi ndi mapulasitiki zidzathamangitsa ciliconse cimene cili m'dambo. Mnyamatayo anati ndiye atsala, wina apite m'malo mwake. Apa kunalibe kabati, kunalibe loko. Kunali anzake asanu ndi atatu otsala pamsasa, ena mwa iwo omwe aja anamuseka dzulo lake.

Mtsikana wina wa gulu lake, wa ku Buchi, amene amagulitsa tomato ndi amai ake Loweruka, anatuluka m'tenti atafunda bulangete. Sanafunse zimene zili m'katimo. Anamulanda cikwamaco, n'kuciika pansi, n'kukhalapo.

"Iwe yenda. Ine nizankhala apa monga nkhuku pa mazira. Ofuna kutsegula ayambe kunyamula ine."

Anaima kanthawi, kenaka anatitsatira.

Tinakwera culu, kenaka mtengo, osapitirira mamita atatu. Aliyense ndinamumanga cingwe m'ciuno n'kucizunguliza ku nthambi yaikulu, mfundo imene timaiphunzira ku kalabu. Mphepo ya Ogasiti inkalowa m'makutu. Miyendo inacita dzanzi. Mdala anafinya kadothi kouma n'kukawaza kuti aone kumene mphepo ikupita, monga agogo ankacitira ndi phulusa. Nkhwali zinayamba kulira, kum'mawa kunafiira, ndipo kwa nthawi yaitali munalibe ciliconse m'dambo koma nkhungu. Kenaka mdala anakhudza mnyamata uja pa bondo n'kuloza ndi mlomo. Kanyama kotuwa kanatuluka m'udzu umene moto unasiya, kakuponda ngati pansi pakutentha, n'kuima, makutu ali cilili. Mdala ananong'oneza kuti mpombo. Ine mumtima ndinati insa. Kanatola cipatso cimodzi, n'kutafuna, n'kukweza mutu. Sindidziwa cimene kanamva. Kanadumpha kawiri n'kuzimirira.

Inali insa imodzi, mphindi imodzi kapena ziwiri. Mdala anati ali mnyamata dambo lomwelo linkafiira ndi nyama m'mawa. Koma pa ana anai aja panalibe amene anaonapo nyama ya m'thengo ili yamoyo ndi yomasuka, ndipo potsika mnyamata uja ankanjenjemera, osati ndi mphepo yokha.

Titafika pamsasa mtsikana uja anali pomwe tinamusiya, akumwa tiyi. Mnyamatayo anatsegula cikwama pamaso pake n'kuwerenga zonse: satifiketi, kadi, citenje, citenje. Mtsikanayo sanakwiye. Anangoti, "Vakwana?" Iye anati, "Vakwana." Tsiku lotsatira pa Kashiba, pamene tinatsikira kumadzi kukaona miyala ya m'mphepete, anasiya cikwamaco pamulu wa zikwama zina. Anaceuka kawiri, koma anacisiya.

Sindinganene kuti mnyamata ameneyu ankalakwitsa ponyamula makilogalamu 21. Anawerenga bwino malo amene amakhala, monga mlenje amawerengera mphepo. Mu komboni timakhala mothithikana kuposa mmene agogo ankakhalira kumudzi, khoma kugundana ndi khoma, koma ambiri a ife tikuyenda ngati mlenje wa ku America uja, zonse kumsana cifukwa palibe pozisiya. Ndipo mudzi wa agogo nao unali ndi mtengo wake. Nyama imene wadikira usiku wonse mumtengo unkaiona ikugawidwa mpaka iwe kutsala ndi ciwindi ndi mwendo umodzi. Ukapha kawirikawiri, ena ankayamba kunong'ona kuti uli ndi mankhwala. Woyenda yekha alibe ngongole kwa munthu. Koma amalipira ndi msana, ndipo pali mitengo ina imene sangakwere.

Zimene zimagwira nchito kuno n'zazing'ono, ndipo timazidziwa kale. Amai a pamsika ali ndi cilimba. Pa maliro mbale imazungulira ndipo bokosi limagulidwa. Wogulitsa pa Chisokone akapita kukadya, woyandikana naye amamuyang'anira tebulo, ndipo mawa amabwezerana. Palibe amene amakhulupirira tauni yonse. Amakhulupirira munthu mmodzi kapena awiri amene anawayesa pa zazing'ono n'kupeza kuti zakwana. Shelufu ija ya m'kabati tsopano ili ndi maenvulopu asanu ndi anai a ana osiyanasiyana, ndi kope limene mwini envulopu amasaina poika ndi potenga. Sindinalengeze. Anauzana okha.

Ambiri a inu amene mukuwerenga mudzanyamuka posacedwa. Wina adzakwera basi ya ku Solwezi kapena Kalumbila kukayesa mwai ku migodi yatsopano, wina ku Lusaka, wina mpaka ku Johannesburg. Cikwama cidzakhala cacikulu, ndipo n'zomveka. Zolemera muike pafupi ndi msana, lamba wa m'ciuno mumange coyamba, mapepala anu muwajambule pa foni musanawaike m'pulasitiki. Koma musanatseke zipi, khalani pansi muwerenge anthu monga mmene mwawerengera malaya. Ndani amene mungamusiyire satifiketi yeniyeni kuti muyende ndi kope lake? Kumene mukupitako, ndani amene mudzagawana naye poto ndi lendi? Ngati palibe dzina limene likubwera, yambani ndinu kukhala pa cikwama ca wina osacitsegula. Mbiri yotere imayenda msanga kuposa basi.

Ogasiti akubwerayu tidzapita mbali ya ku Ndola, ku nyanja ya Chilengwa, pafupi ndi malire a Congo. Ana atsopano a giredi 10 ayamba kale kufunsa ngati angatenge sipika ya nyimbo ndi nsapato ziwiriziwiri. Ndawauza kuti nkhani imeneyo si yanga. Sikelo caka cino ili m'manja mwa mnyamata wa ku Petauke uja, amene tsopano ali giredi 12, ndipo wapempha cinthu cimodzi: cikwama cikapitirira malire, mwini wake azikacitsegulira m'kalasi, citseko cili cotseka.